Tepi Yoyezera Akufa ndi Amoyo

Amisiri adabadwa pa 9 Novembala 1951, ndipo ntchito ya matabwa adaiyamba asanamere ndevu. Poyamba ankakhoma zitseko, mipando ndi madesiki a sukulu. Mabokosi a maliro adawayamba mosafuna, m'zaka zimene anthu ankafa motsatizana, koma atangokhoma angapo anthu adaiwala kuti munthuyu amadziwanso kukhoma tebulo. Wofuna mpando ankapita kwina. Kwa iwo kunkabwera anthu ofiira maso, olankhula motsitsa mawu, atanyamula kamtengo kapena chingwe chimene ayezera malemu. Amisiri sankakhulupirira muyeso wa munthu amene akulira. Ankatenga tepi yawo yachitsulo, yachikasu, yofufutika manambala kumayambiriro kwake, n'kupita kukayeza okha.

Chisakasa chawo chidali m'mbali mwa msewu wafumbi. Chidali ndi denga la malata, benchi yaitali yodzaza mabala a macheka, ndi zitini za misomali zondandalikidwa pathabwa, chilichonse ndi misomali ya msinkhu wake. Utuchi unkafika m'akakolo ngakhale asese chotani. Tepi inkakhala m'thumba lakumbuyo la buluku lawo, ndipo aliyense ankadziwa zimenezo. Ana ankapatuka akakumana nawo panjira. Akuluakulu ankawapatsa moni ataima chammbali, ngati kuti akaima moyang'anana nawo awayeza ndi maso.

Pa ana amene iwo ndi akazi awo adabereka, adakula ndi aamuna awiri okha. Onse awiri adaphunzira kupala thabwa, ndipo onse awiri adaphunziranso kumwa. Kuderalo masana a Loweruka kudalibe kopita, kupatula kuseri kwa golosale kumene ankagulitsa mowa waukali m'timabotolo topanda dzina.

Wachisamba adagonekedwa m'chipatala kumapeto kwa Julayi 2012, mimba itatupa, maso atasanduka achikasu. Amisiri ankakhala pambali pa bedi lake. Pakhoma la wodiyo padali wailesi ya kanema yopanda mawu, ndipo sabata imeneyo inkaonetsa mpikisano wa anthu oponya mivi kudziko lakutali. Uta sudali wachilendo kwa iwo, poti ali mwana malume awo ankasema mauta othamangitsira anyani kumunda. Chimene chidawagwira mtima ndi manja. Kanemayo ankaonetsa pafupi dzanja la woponya, litafikitsa nsinga pakona pa mlomo, lili phee ngati lamwala. Pabedipo dzanja la mwana wawo linkalephera kufikitsa kapu kukamwa madzi asanatayikire pabulangete.

Mwanayo adamwalira pa 3 Ogasiti. Amisiri adakana kuti wina akhome bokosi lake. Poyeza adaitana mzime wawo kuti agwire nsonga ya tepi kumapazi kwa mkulu wake. Iye adagwira, koma dzanja lake linkanjenjemera mpaka tepi inkalira ngati lata pamphepo. Amisiri adaliyang'ana dzanjalo ndipo adadziwa mwini wa bokosi lotsatira. Akupala matabwa masana amenewo adadziuza chinthu chimodzi chokha, kuti bokosi la mwana wachiwiri iwo sadzalikhoma.

Mzimeyu anthu ankamutchula Chikwakwa, chifukwa ankayenda chowerama, mutu utalowa m'mapewa, maso ali pansi. Adali bambo wamkulu kale, ndipo mkazi wake adali atalongedza katundu n'kubwerera kwawo. Kumukalipira adamukalipira, kumutsekera chitseko adamutsekera, abusa adabwera kudzamupempherera. Zonsezi ankazilandira atawerama chomwecho, akuvomera chilichonse, ndipo Loweruka likafika ankapezeka kuseri kwa golosale.

Mwezi womwewo wa maliro Amisiri adakadula mitengo yowongoka, yolimba koma yovomera kupindika, n'kuiika pamitanda ya denga kuti iume pang'onopang'ono. Akazi awo adafunsa ngati chisoni chawafikitsa posunga nkhuni padenga. Iwo adangoti akufuna kuona ngati manja awo akukumbukira za malume awo. Mauta oyamba adathyoka onse, wina pabondo, wina m'manja. Kuthyokako n'kumene kudawaphunzitsa. Uta susemedwa tsiku limodzi. Umapala pang'ono, kuukoka pang'ono utaupachika pakhoma, kuima patali kuona ngati mbali zonse zikupindika mofanana, n'kupalanso. Tsiku lililonse umaukoka kupitirira dzulo, mpaka ufike pamene mkono wa mwini wake udzafike. Pamenepo mtengo waphunzira malire ake. Wa mkono wautali akatenga uta wa mnzake wamfupi n'kuukoka kupyola pamene udazolowera, umathyoka. N'chifukwa chake uta uliwonse umafuna muyeso wa mwini wake.

Vuto lidayambira pomwepo. Atalengeza kuti akuyambitsa gulu la oponya mivi, anthu adabwera ambiri kudzaona, poti zachilendo sizisowa owonerera. Koma atangotulutsa tepi m'thumba, chisakasa chidatsala pang'ono kukhala chopanda munthu. Wokonza njinga adabwerera cham'mbuyo akuti iye wangotsokomola kamodzi kokha m'mawa, Amisiri asafulumire. Aphunzitsi opuma ntchito adapempha kuti awayeze ataimirira ndiponso akulankhula, kuti pasakhale kusokoneza. Amene adathetsa mantha ndi mayi wina wa telala, wamfupi, wa pakamwa posatopa, amene shopu yake idayang'anana ndi chisakasacho.

"Ine ndimayeza anthu tsiku ndi tsiku, sindidamvepo kuti wina wafa nayo tepi," adatero akutambasula manja. "Yezani, Amisiri. Koma mukaona kuti muyesowo ukuyeneranso zinazo, musandiuze."

Anthu adaseka, ndipo ena adatsatira. Amisiri ankayeza kuchokera kunsonga ya chala chapakati cha dzanja lina kukafika kunsonga ya chinzake, munthu atatsamira khoma. Aka kadali koyamba pa zaka zambiri kuti ayeze munthu wofunda.

Chikwakwa yekha adakana. Atelala adati ngati vuto ndi tepi yachikasuyo, abweretsa yawo yansalu imene imayeza madiresi a ukwati. Iye adapukusa mutu.

"Si tepi ayi, bambo," adatero, osadzutsa maso. "Ndi inuyo. Mukandiyang'ana mumakhala ngati mukuwerenga matabwa."

Amisiri sadamukakamize. Gulu lonselo adaliyambitsira munthu mmodziyu, ndipo sakadalola kuti tepi imuthamangitse. Pa zaka zonse za ntchito yawo adali ataona kuti munthu akatambasula manja, utali wake umafanana ndi msinkhu wake. Muyeso wa wachisamba udali m'mutu mwawo, sukadachokamo. Ana awiriwa ankabwerekana malaya ndi mabuluku kuyambira ali anyamata, ndipo akaima pamodzi mitu yawo inkalingana. Choncho adasema uta wa Chikwakwa pa muyeso wa malemu mkulu wake, osauza munthu.

Gululo lidakumana koyamba Loweruka pa 1 Juni 2013, pabwalo lakale la sukulu, pamene padali chulu chachikulu chotchinga mivi yophonya. Chandamale adali masaka odzaza utuchi, ojambulidwa mizere yozungulira ndi penti yotsala. Mivi idali ya nsungwi, nthenga zake za nkhuku, nsonga zake misomali yodula. Atelala adasoka zikopa zotchinga mkono kuchokera ku nsapato zakutha. Malamulo adali ochepa. Uta wa mnzako sukhudza. Munthu sapita kukatola mivi mpaka mauta onse atagonekedwa pansi. Ndipo asanagwire uta, aliyense ankatambasula mkono, Amisiri n'kuimika msomali chozondoka, nsonga ili m'mwamba, pamwamba pa dzanjalo. Msomali ukagwa, tsiku limenelo mwini dzanja ankakhala pachipika n'kumaonerera anzake.

Msomali wa Chikwakwa udagwa tsiku loyamba, udagwanso Loweruka lotsatira ndi linzake. Ankakhala pachipika, uta wake uli pambali, wosakunga. Atelala sankamusiya. Ankamufunsa ngati chipikacho adachilipira lendi, ndipo akalasa pakati ankatembenuka n'kumuuza kuti aone mmene amaponyera amayi a ana asanu. Iye ankamwetulira chowerama, koma makutu ake ankamva. Amisiri ankangotola msomaliwo pansi, kuupukuta pabuluku, n'kupita kwa wotsatira.

Chakumapeto kwa Ogasiti msomali udaima. Zidadziwika pambuyo pake kuti adali atasiya kumwa kuyambira Lachinayi, n'kugona masiku awiri akutuluka thukuta ndi kusanza, kuti dzanja likhazikike pofika Loweruka. Muvi wake woyamba udakagwera kutali ndi saka, koma adauyang'ana mpaka udatera. Kuyambira pamenepo masiku osamwa adayamba kuchuluka. Lachinayi lidakoka Lachitatu, Lachitatu lidakoka Lachiwiri. Adabwereranso pabenchi ya m'chisakasa, ndipo ankawongola mivi pamoto wa makala mosamala kuposa aliyense.

Amisiri ankaima kumbuyo kwake pabwalo, mawu ali amodzimodzi sabata iliyonse. Wongoka. Tsegula chifuwa. Mapewa abwerere m'mbuyo. Nsinga ifike pamlomo, usaiope. Ankamugwira pamsana ndi chikhatho n'kukankha pang'ono, monga amachitira ndi thabwa lopindika. Ndipo munthu adayamba kuwongoka. Mutu udatuluka m'mapewa. Anthu adayamba kuona kuti ali ndi khosi. Tsiku lina m'mawa, polowa m'nyumba, adagunda chipumi pafelemu la chitseko chimene adakhala akulowera moyo wake wonse. Amayi ake adaseka mpaka misozi, kuseka kwawo koyamba chimwalirireni wachisamba, akuti mwana wayamba kukula ali ndi ndevu.

Amisiri sadaseke. Felemulo adalikhoma okha ndipo ankadziwa msinkhu wake. Wachisamba ankadutsa pamenepo osawerama. Adapita kuchisakasa, adatsitsa uta wa mwana wawo n'kuuyang'ana padzuwa. Mkati mwake, kumtunda kwa chogwirira, mudali timizere ting'onoting'ono topingasa, tonga makwinya a pachala. Mtengo udali utayamba kudandaula.

Masana omwewo adatulutsa tepi n'kumuuza kuti pakufunika uta wina. Chikwakwa adayang'ana tepiyo, adaika pansi muvi umene ankamata nthenga, n'kutuluka. Sadabwere kudzadya. Adamupeza tsiku lachitatu atagona m'ngalande kuseri kwa golosale, nsapato imodzi palibe. Loweruka limenelo msomali udagwa, ndipo adakhala pachipika atawerama ngati kale.

Apa Amisiri adasowa pogwira. Kumulanda utawo kukadakhala kumubwezera Loweruka lopanda kanthu, ndipo iwo ankadziwa kumene Loweruka lotere limathera. Mtengo wautali woti asemere uta wina mongoyerekeza ndi maso udali padenga, koma udali usanaume. Adawerengera kuti ukafika mwezi wa Julayi ukhala utakonzeka. Adakulunga chingwe cholimba pamalo a timizere paja, n'kupakapo guluu. Mwana wawo atayambanso kuponya, adamuuza kuti asamakoke kwambiri. Iye adadabwa. Adafunsa kuti nanga si iwo omwe akhala akumuuza chaka chonse kuti nsinga ifike pamlomo. Amisiri adayankha kuti n'zoona, ndipo adakhala chete, chifukwa kunena zambiri kukadafuna kuti atchule mwini muyeso.

Loweruka pa 10 Meyi 2014 kudabwera anthu ochokera kumidzi yoyandikana, amene adamva za gululi ndipo ankafuna kuyambitsa lawo. Owonerera adadzaza kumbuyo kwa chingwe. Msomali wa Chikwakwa udaima ngati waukhomera. Adavala malaya oyera amene amayi ake adasita. Mivi iwiri yoyamba idalasa pafupi ndi pakati, ndipo atelala adakuwa kuti chipika chija achigulitse, mwini wake wasamuka. Potenga muvi wachitatu adaponda bwino, adakweza mutu, adatsegula chifuwa chonse. Amisiri adali kumbuyo kwake ndipo adaona kuti mwana wawo sadaimepo bwino chotere. Adaonanso nsonga ya muvi ikulowa mkati kupyola chogwirira. Adatsegula pakamwa.

Utawo udalira ngati mfuti. Mbali yakumtunda idathyokera pansi penipeni pa chingwe adakulunga chija n'kubwerera kumaso. Chikwakwa sadakuwe. Adagwada pang'onopang'ono atagwira nkhope, magazi akudutsa pakati pa zala kutsikira pamalaya oyera aja.

Adamugoneka m'wodi yomwe ija. Wailesi ya kanema idali pomwepo pakhoma, koma idali itafa. Madokotala adachotsa diso lakumanja pa 13 Meyi. Akudikira pakhonde, akazi awo a Amisiri adafunsa funso limodzi, osawayang'ana.

"Abambo ake, munkadziwa kuti uthyoka?"

"Ndinkadziwa kuti ungathyoke."

Mayiwo adakonza mpango wawo kumutu n'kulowa m'wodi. Kuyambira tsiku limenelo chakudya ankawaikira patebulo monga kale, madzi osamba ankawatenthetsera, koma mawu adachepa m'nyumbamo mpaka kutsala a moni okha.

A komiti ya sukulu adatumiza uthenga kuti bwalo lija lisagwiritsidwenso ntchito. Mamembala adabweza mauta mmodzimmodzi, ambiri m'mamawa, kuwatsamiritsa pakhoma la chisakasa osagogoda. Wokonza njinga, amene adali atayamba kulasa bwino, ankadutsa tsidya lina la msewu. Kumsika anthu ankati adanena kale iwo, tepi ya akufa sayezera amoyo. Sankadziwa kuti yekhayo amene adavulala ndi amene tepiyo sidamukhudze. Atelala okha ndiwo adasunga uta wawo, ataupachika pamwamba pa makina osokera, ndipo wofunsa ankamuyankha kuti ndi wothamangitsira okonda kufunsa.

Chikwakwa atatuluka m'chipatala adabwerera kuseri kwa golosale. Ankayenda chowerama kuposa kale, mutu utapendekera mbali imodzi, akugunda mitengo ndi anthu a kudzanja lake lamanja. Amisiri adapitiriza kukhoma mabokosi, chifukwa anthu sadasiye kufa. Munthu akaima pakhomo la chisakasa atagwira chipewa m'manja, mtima wawo unkayamba waima mpaka atchule dzina la malemu. Chifuwa chimene utuchi udawapatsa pa zaka zambiri chidakula m'miyezi yozizira ija. Mtengo wautali uja udauma padenga, koma sadautsitse.

Lachiwiri pa 2 Sepitembala, dzuwa lili pamutu, Chikwakwa adalowa m'chisakasa. Fungo la mowa lidalowa naye. Pamalo pa diso padali kachikopa kakuda kamene atelala adamusokera. Adaima nthawi yaitali akuyang'ana mauta obwezedwa aja, amene adali atamangidwa mtolo pakona.

"Bambo, wa diso lamanzere lokha angaponye?"

"Angaponye. Koma asinthe mkono. Uta ugwiridwe ndi lamanja, nsinga akoke ndi lamanzere. Ayambirenso pachiyambi."

Iye adagwedeza mutu. Amisiri adaika chopalira pabenchi, chifukwa padali china chimene adayenera kunena asanapitirire. Adamuuza kuti uta uja sudali wake. Adausema pa muyeso wa mkulu wake, umene adatenga tsiku lija awiriwa atagwira tepi. Adamuuzanso za timizere tija, za chingwe ndi guluu, ndi chifukwa chimene sadamulande.

Amisiri adaganiza kuti Chikwakwa atuluka, ndipo adakonzeka kumuona akupita. Koma iye adasuntha zitini ziwiri ndi phazi, adatsamira khoma, zidendene, msana ndi mutu, n'kutambasula manja. Diso lotsalalo adalitsinzina.

"Fulumirani," adatero. "Ndisanasinthe maganizo."

Padalibe wachitatu woti agwire nsonga ya tepi, choncho adaipana yekha ndi zala zake. Amisiri adaikoka kudutsa pachifuwa chimene chinkakwera ndi kutsika. Adawerenga, adawerenganso. Chikwakwa adaposa mkulu wake ndi chikhatho chathunthu.

Uta watsopanowo udatenga nthawi, chifukwa Amisiri sankathanso kupala kwa nthawi yaitali osakhala pansi. Ankaukoka pakhoma pang'onopang'ono, ndipo atafika pamuyeso adaupitiriza pang'ono, kuti ukhale ndi malo otsala. Adaumaliza mu Januwale 2015. Saka la utuchi adalipachika kuseri kwa chisakasa, pakhoma la njerwa, ndipo gulu lonse lidali anthu atatu, Chikwakwa, atelala ndi aphunzitsi opuma aja. Amisiri ankakhala pampando atafunda jekete, chitini cha misomali chili pamiyendo. Mivi ya Chikwakwa, ya mkono wamanzere, inkapita kulikonse, ina padenga, ina m'munda wa eni ake. Amisiri sadakhale ndi moyo mpaka kuona umodzi ukulasa pakati.

Adamwalira Lachinayi pa 19 Febuluwale 2015, kunyumba, mvula ikugwa. Achibale adafuna kutumiza kamtengo kwa mmisiri wa kumsika, koma Chikwakwa adakana. Adatulutsa tepi yachikasu m'thumba lakumbuyo la buluku limene lidapachikidwa pamsomali, ndipo amayi ake adagwira nsonga kumapazi. Bokosilo adalikhoma yekha. Kona imodzi sidakhale bwino, poti diso limodzi limanamiza pokhoma msomali, ndipo adaizula n'kuyambiranso.

Chisakasacho chilipobe, ndipo tsopano mumatuluka zitseko ndi mabenchi kuposa mabokosi. Mowa sadausiye kotheratu. Pali masabata amene sapezeka pabenchi, ndipo amayi ake amaima pakhomo akuyang'ana kumsewu. Loweruka masana amabwera anthu asanu, nthawi zina asanu ndi awiri, aliyense ndi uta wa muyeso wake. Chikwakwa amaimika msomali padzanja la aliyense, kenaka amapereka chitini kwa atelala kuti amuimikire wake. Ukagwa sadikira kuuzidwa. Amamasula nsinga pa uta wake, amaugoneka pansi, n'kukakhala pampando uja wa bambo ake mpaka anzake atamaliza.